Wotchi Ili M'manja mwa Ndani?

Pali uthenga wina umene ukulalikidwa mwamphamvu pakati pathu masiku ano, ndipo alaliki ake savala mikanjo, amavala masuti ndi mawotchi onyezimira. Uthengawo ndi wakuti ife ndife osauka chifukwa sitidziwa kusunga nthawi, ndipo chipulumutso chili m'foni. Ikani Todoist, akutero, kapena Trello, kapena Notion. Lembani ntchito zonse za tsiku, duleni tsikulo m'zidutswa za mphindi 25, yatsani Toggl kuti ikuwerengereni mphindi iliyonse, ndipo pakutha pa chaka mudzakhala munthu wina. Achinyamata athu ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg akumeza mawu amenewa osatafuna, ena mpaka kulipira ndalama kuti akawamve m'maholo a mahotela. Ine ndikuukana uthenga umenewu. Mlandu wanga suli ndi foni, kapena ndi mapulogalamu amene tikuwatchula kuti ma app. Uli ndi mabodza awiri amene akulungidwa nawo limodzi: lakuti vuto la wantchito wa kuno ndi ulesi wake, ndi lakuti chida chowerengera nthawi chilibe mbali. Mbali chili nayo. Chimatumikira amene wachigwira.

Ndiyambe ndi zoona zimene alalikiwa ali nazo, pakuti zilipo ndithu. Kuzengereza ndi nthenda, ndipo makolo athu adaidziwa foni isanabadwe. Ndiwo adati Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mutu wa munthu si nkhokwe. Telala amene walandira nsalu za maukwati atatu ndi mayunifolomu a sukulu mwezi umodzi, akadalira kukumbukira, adzapatsa mkwatibwi diresi lopanda zipi m'mawa wa Loweruka. Mlembi wa banki m'khonde, namwino wa mashifiti, wophunzira wa pa yunivesite, onsewa amapindula akalemba zochita zawo pamalo pamene padzawakumbutse. David Allen, amene buku lake la Getting Things Done lidatuluka mu 2001 ndi kukhala maziko a mapulogalamu ambiri a mtunduwu, adaphunzitsa zinthu zomveka: ntchito uichotse m'mutu uilembe, ndipo kanthu kosafuna mphindi zoposa ziwiri ukachite pompo. Palibe wanzeru angatsutse zimenezo. Kalendala ya pafoni nayo ili ndi ntchito yake. Mawotchi a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa amagwirizana chaka chonse, koma mbale wa ku Leeds amakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri mu Disembala ndi ola limodzi mu Julayi, chifukwa kumeneko amasuntha mawotchi kawiri pachaka. Foni imakumbukira zimenezi pamene banja lapangana zokambirana za matenda a amayi. Zikadathera pamenepa, sindikadagwira cholembera.

Koma wogulitsa uthengawu amayamba ndi kutinyoza, kuti tili ndi nthawi yathuyathu yachikuda, imene 8 koloko yake imakwana dzuwa lili paliwombo. Tiyeni tione bwino amene amachedwa. Mayi wopikula tomato ndi masamba amadzuka tambala woyamba, chifukwa akachedwa ndi theka la ola apeza anzake atasankha kale zabwino. Asodzi a usipa amawerenga mwezi, podziwa kuti usiku wa mdima ndiwo umakokera nsomba ku nyali zawo. Mlimi amadziwa kuti kuchedwa kubzala masabata awiri mvula itagwa ndiko kuitana njala. Odwala amafika pachipatala kusanache kuti akhale kutsogolo kwa mzere. Anthu amenewa sasowa wowaphunzitsa za nthawi, pakuti nthawi ikawaphonya amagona ndi njala. Amene amafika 11 koloko pa mwambo wa 8 koloko ndi mlendo wolemekezeka, ana a sukulu atamudikira padzuwa mpaka milomo kuuma. Ndi bwana uja amene fayilo yanu ikudikira siginecha yake. Ameneyo ali ndi mafoni atatu ndi mlembi womusungira kalendala. Amachedwa chifukwa kudikiritsa anthu ndi njira yoonetsera ukulu, ndipo amadziwa kuti palibe amene adzamudule malipiro. Imeneyo ndi nthenda ya ulamuliro, ndipo ilibe app.

Tsono taonani chida chenichenicho. Njira ya mphindi 25 ija adaiyamba ndi Francesco Cirillo, ali wophunzira ku Italy kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pogwiritsa ntchito kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato. N'chifukwa chake imatchedwa Pomodoro, dzina la tomato m'chinenero chawo. Ugwire ntchito mphindi 25 osacheuka, upume mphindi 5, uyambirenso. Ndi njira yabwino kwa munthu amene mphindi 25 zimenezo ndi zake: ali ndi chitseko chotseka, magetsi osazima, madzi m'mpopi, ndi basi yobwera pa nthawi yake. Mapulogalamu onsewa adapangidwira munthu wotero, amene mdani wake wamkulu ndi mtima wake womwe wofuna kusewera.

Nanga mdani wa wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga kapena ku Ndirande ndi ndani? Mu Januwale 2022 namondwe Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo Malawi adataya gawo lalikulu la magetsi ake kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chidaphwetsa madzi a Kariba, mwakuti m'madera ambiri a Zambia magetsi ankayaka maola owerengeka chabe pa tsiku. Wometa, wachigayo ndi wowotcherera adaphunzira kugona ndi khutu limodzi, kuti magetsi akabwera pakati pa usiku adzuke kukayatsa makina. Woyendetsa minibasi ndi wakabaza wa njinga yamoto agonapo pa mzere wa mafuta. Mupatseni munthu ameneyu Todoist. Ntchito zimene adalemba dzulo zidzafiira, pulogalamuyo ikumuuza kuti wachedwa nazo, ndipo zikakhalitsa idzamuchotsera mapointsi amene imapereka kwa olimbikira. Za Kariba sizidziwa. Imadziwa za iye yekha. Kulephera kwa boma, kwa makampani a magetsi ndi kwa mvula kumasanduka tchimo la munthu mmodzi, ndipo iye amagona akudziimba mlandu. Umu ndi mmene uthengawu umapeputsira katundu wa olamulira: munthu amene wakhulupirira kuti ndi waulesi safunsanso chifukwa chake ali mumdima.

M'chigawo chathu chino, pulogalamu yokonzera tsiku imene idathandizadi anthu ndi EskomSePush, imene anyamata awiri a ku South Africa adaiyamba mu 2015. Siilangiza munthu za khalidwe lake. Imangomuuza ola limene magetsi azime m'dera lake ndi limene abwerere, kuti aphike, achaje foni ndi kusita zovala nthawi ikadalipo. Idayamba ndi kuvomereza kuti tsiku la munthu wamba lili m'manja mwa ena. Zobwera kuchokera kutalizi sizivomereza zimenezo, ndipo sizimva n'komwe chinenero chathu: ukalemba mawu a Chingerezi otanthauza mawa zimaika tsiku zokha, koma ukalemba kuti mkuja zimangokuyang'ana. Mbali zake zokoma kwambiri zimalipiridwa ndi madola mwezi ndi mwezi, ndipo amene adaona kwacha ya Malawi ikugwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kulemera kwa dola. Chikomekome cha mkuyu.

Komabe apa sipamene pagona nkhani. Kudzilembera wekha zochita ndi chinthu china, kuwerengeredwa nthawi ndi munthu amene amakulipira ndi chinanso, ngakhale zonsezo zikugulitsidwa m'sitolo imodzi ndi dzina limodzi. Chachiwirichi chili ndi mbiri, ndipo mbiriyo ndi yonunkha. Wolemba mbiri wa ku England, E. P. Thompson, adaonetsa mu 1967 mmene eni mafakitale ena a ku Britain ankachitira m'zaka za m'ma 1800: wotchi ya pafakitale ankaikankhira kutsogolo m'mawa ndi kuibweza m'mbuyo madzulo, ndipo wantchito ankaopa kuyenda ndi wotchi yakeyake, chifukwa wodziwa nthawi yeniyeni ankatha kuchotsedwa ntchito. Ku America kudabwera Frederick Taylor, kholo la onse olalikira za kuchulukitsa ntchito, amene ankayeza kuwerama ndi kuweramuka kwa antchito ndi wotchi ya masekondi. M'buku lake la mu 1911 amadzitama ndi zimene adachita pa kampani ya zitsulo ya Bethlehem: munthu amene ankakweza matani 12 ndi theka a chitsulo m'ngolo za sitima pa tsiku adamufikitsa pa matani 47, ndipo malipiro ake adachoka pa dola imodzi ndi masenti 15 kufika pa dola imodzi ndi masenti 85. Akatswiri ena amakayika ngati zidachitikadi mmene iye adafotokozera, koma tiyeni tiitenge nkhaniyo mmene mwini wake adainenera. Ntchito idachuluka pafupifupi kanayi. Malipiro sadafike ngakhale kawiri. Phindu lotsalalo lidalowa m'thumba mwa yani?

Ife sitisowa kukabwereka mbiri imeneyi kutsidya kwa nyanja. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana, monga pa dima, pamene mudzi umalimira uyu lero, wina mawa. M'minda ya atsamunda ya ku Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje mawuwo adasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala ndi msonkho, ndipo inkafunidwa m'dzinja, nthawi imene munda wa munthu mwini ukulira khasu. Mwezi wa thangata sunkawerengedwa kumwamba. Unkawerengedwa pa tikiti, ndipo cholembera chidali m'manja mwa kapitao: ukapanda kumaliza ndime imene wakupimira, tsikulo silinkalembedwa, ngakhale thukuta lidatuluka. Motero mwezi umodzi unkatalika ngati mphira. Nkhanza za mtundu umenewu m'minda ya ku Magomero zidali m'gulu la zimene zidautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Agogo athu amene adapita ku migodi ya ku Joni adakakumana ndi tikiti yomweyo. Mwezi udali mashifiti 30 olembedwa, ndipo wobowola mwala amene sadafike pa muyezo wa tsikulo ankapatsidwa tikiti imene azungu ankaitcha ya alesi, kutanthauza kuti shifitiyo ndi yaulere ndipo siichepetsa masiku a kontirakiti. Tamvani dzinalo. Munthu watha tsiku pansi pa nthaka, m'kutentha ndi m'fumbi lodya mapapo, koma pepala likuti ndi mlesi. Ndikamamva mnyamata wa suti akutiuza kuti vuto lathu ndi ulesi, ndimadziwa kumene mawuwo adabadwira.

Tikitiyo sidafe, idangolowa m'foni. Wachinyamata wa ku Blantyre kapena ku Kitwe amene wapeza ganyu ya pa intaneti kudzera pa Upwork, yolipidwa pa ola, amayatsa pulogalamu imene imajambula sikirini yake kamodzi m'mphindi 10 zilizonse, pa nthawi imene iye sakuidziwa, ndi kuwerenga kuti wagogoda kangati pa kiyibodi ndi kudina kangati mausi. Hubstaff ndi Time Doctor zimagulitsidwa kwa mabwana pa ntchito yofanana. Taganizirani womasulira amene waima mphindi 8 akusinkhasinkha mmene anganenere m'Chichewa liwu limene lilibe mnzake m'chinenero chathu. Imeneyo ndiyo ntchito yeniyeni imene adamulembera. Koma kwa pulogalamuyo zala zidali chete, choncho munthuyo adangokhala. Zotsatira zake n'zoseketsa ndi zochititsa manyazi nthawi imodzi: pamsika pali tizipangizo togwedeza mausi tokha kuti kompyuta ioneke yotanganidwa. Mu 2020 Microsoft idaika m'mapulogalamu ake a muofesi chida choonetsa mabwana mmene wantchito aliyense, ndi dzina lake lomwe, akugwiritsira ntchito imelo ndi macheza a pakampani. Anthu atachita phokoso, kampaniyo idachotsamo mayina. Lidachotsa mayinawo ndi phokoso basi.

Kumene nkhaniyi yaluma kwambiri abale athu ndi ku Britain. Kuyambira mu Febuluwale 2022, pamene dzikolo lidatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala, anthu ambiri ochokera ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi adapita kukagwira ntchito imeneyi, ena atagulitsa malo ndi galimoto. Ambiri a iwo amayenda khomo ndi khomo. Ukafika pakhomo pa gogo umadina pafoni kuti walowa, potuluka umadinanso. Uli ndi mphindi 30, nthawi zina 15, zoti umudzutse, umusambitse, umuveke, umupatse mankhwala ndi chakudya, ndi kulemba lipoti. Mwina ndiwe wekha amene gogoyo akuone tsiku lonselo, ndipo akufuna kukuuza za mwamuna wake amene adatsogola. Koma foni ili m'thumba ikuwerenga. Mwana amene adaleredwa kuti munthu wamkulu sasiyidwa ali pakati pa mawu amaphunzira kutsanzika akuyenda chambuyo. Nanga mphindi za pamsewu, kuchoka khomo ili kupita linalo? Lamulo la dzikolo ndi lomveka: nthawi yoyenda pakati pa odwala ndi nthawi ya ntchito powerengera malipiro otsikitsitsa ovomerezeka. Foniyo imadziwa pamene udalowa ndi pamene udatuluka khomo lililonse, choncho imadziwanso mpata wa pakati. Komabe makampani ena amalipira mphindi za m'nyumba zokha. Chida chimene chimaona ukachedwa ndi mphindi 4 chimachita khungu pa ola limene watha pamsewu. Wantchito amakhala chete chifukwa viza yake idamangiriridwa kwa bwana yemweyo, ndipo akachotsedwa amapatsidwa masiku 60 okha oti apeze wina womulemba. Kapitao wa ku Magomero akadauka lero, ntchito imeneyi sakadaivutikira kuphunzira.

Mlandu wa Uber udaonetsa poyera kuti mkangano wonse uli pa funso lakuti wotchi iyambe liti. Mu Febuluwale 2021 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain lidagamula kuti madalaivala amene adasuma adali antchito, ndi kuti nthawi yawo ya ntchito inkayamba pamene ayatsa pulogalamu ali okonzeka kunyamula anthu. Patapita mwezi kampaniyo idalengeza kuti iyamba kutsimikiza malipiro otsikitsitsa, koma kuwerengera kuyambira pamene dalaivala wavomera ulendo. Kudikira konse kuja, uli m'galimoto pakona ya msewu, kudatsala kunja kwa tikiti. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli sitolo yolonjeza kukufikitsirani katundu pakhomo m'mphindi 60, mpaka lonjezolo lidasanduka dzina, Sixty60. Wogula wapulumutsa ola lake, zoona. Koma ola limenelo walisenza ndi mnyamata wa pa njinga yamoto amene akupyola pakati pa magalimoto mvula ikugwa, ndipo anyamatawo akavula zipewa ndi kuyamba kucheza podikira katundu, mudzamva Chishona, Chiswahili ndi Chichewa.

Ngakhale inu a muofesi, amene mwadziikira nokha pulogalamu popanda wokukakamizani, dzifunseni kuti ola limene mwapulumutsa likupita kwa yani. John Maynard Keynes adalosera mu 1930 kuti makina akadzachuluka, adzukulu a m'badwo wake azidzagwira ntchito maola 15 pa sabata. Makina adachulukadi. Koma wantchito amene wamaliza za tsiku lonse pofika 2 koloko masana sauzidwa kuti apite kwawo akaone ana. Amapatsidwa ntchito ya mnzake amene adachotsedwa mwezi watha. Pa mfundo iyi yokha, ganyu ya kumudzi ndi yachilungamo kuposa ofesi, ngakhale malipiro ake ndi omvetsa chisoni. Mwini munda ndi waganyu amayenda limodzi kupima ndime, amawerenga mizere onse akuona, amagwirizana mtengo khasu lisanakhudze nthaka. Ndipo waganyu wamphamvu akamaliza dzuwa lisanafike pamutu, amanyamula khasu lake nkumapita. Changu chake chimapindulira iye. Za amene amatha usiku ndi bandulo yomwe akukongoletsa matebulo a mu Notion, sabata yamawa nkusamukira ku Trello, sindinena zambiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Chimene chimandiwawa kuposa zonsezi ndi zimene mapulogalamuwa sawerenga n'komwe. Chida chilichonse choyezera chimabwera ndi chiweruzo cha amene adachipanga pa funso lakuti ntchito n'chiyani. RescueTime, imene imayang'ana mmene munthu akugwiritsira ntchito kompyuta, imayamba ndi kuika Facebook m'gulu la zosokoneza. Koma kwa mayi wogulitsa zitenje ndi kaunjika, Facebook ndiyo sitolo. Chimenecho munthu angathe kuchikonza. Chovuta kukonza ndi ichi: mayi amene wadzuka 4 koloko, watunga madzi pamjigo, wakoleza moto, wasambitsa ana, wapita kuchigayo, waphikira apongozi odwala, kenako nkukhala pa mashini osokera maola 3, lipoti la pafoni lidzati wagwira ntchito maola 3. Mlongo amene wagona pansi m'chipatala masabata awiri monga gadiyani, akuphikira wodwala ndi kumutembenuza, alibe choonetsa pa tchati cha masiku amenewo. Pali mpata woyera. Ndamvapo mmodzi wa alalikiwa akuti maliro ndiwo akutibweza m'mbuyo. Tingathe kukambirana, ndipo tiyenera kutero, ngati n'koyenera kuti ntchito iime masiku atatu, kapena kuti banja losauka lidyetse khamu mpaka kugulitsa mbuzi yomaliza. Mkangano umenewo ndi wathu, wa mafumu, mipingo ndi mabanja. Koma kumene anthu ambiri alibe inshuwalansi, usiku umene wagona pa siwa ndi chuma chimene wasungitsa. Maliro n'kulirana, ndipo amene sapita kwa anzake adzakumba yekha manda a mwana wake. Pulogalamu ilibe bokosi lolembamo zimenezi, ndipo mnyamata amene waikhulupirira amayamba kuona amalume ake ngati chododometsa.

Wina anena kuti, tsono titaye mawotchi tibwerere ku tambala? Ameneyo sadandimve. Kuwerenga maola si nzeru ya mabwana okha. Antchito adakhetsera magazi. Tsiku la 1 Meyi, limene mayiko athu a kuno amapuma, limakumbukira sitiraka ya ku Chicago ya mu 1886 yofuna tsiku la maola 8, ndipo pangano loyamba la bungwe la ILO, la mu 1919, lidali la maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata. Malamulo a ntchito a Malawi ndi Zambia amaika malire pa maola 48 pa sabata, a South Africa pa 45. Zopitirira apo ndi ovataimu. Mu 2019 khoti la European Union lidagamula kuti olemba anthu ntchito ayenera kukhala ndi njira yolembera maola a tsiku ndi tsiku a wantchito aliyense, ndipo amene adauyambitsa mlanduwo lidali bungwe la antchito la ku Spain, chifukwa popanda cholembedwa ovataimu imauma ngati mame. Wotchi ya ku fakitale ija idalakwa chifukwa idali imodzi yokha, ndipo kiyi wake ankasunga mwini fakitale.

Choncho werengani, koma mudziwerengere nokha. Amene akusowa kwambiri chida chimenechi si mnyamata wa laputopu. Ndi mlonda amene amalowa 6 koloko madzulo ndi kutuluka 6 koloko m'mawa masiku 6 pa sabata, amene ndi maola 72. Ndi mayi wa ntchito ya m'nyumba ku Sandton, ku Kabulonga kapena ku Area 43 amene amagona kumaboyizi, amene tsiku lake limatha mlendo womaliza wa abwana akamwa tiyi. Ndi mnyamata wosamalira maluwa ndi kapinga amene Loweruka, atatsuka kale m'manja, amauzidwa kuti atsukeko ndi galimoto. Kwa anthu awa, pulogalamu yaulere ngati Toggl kapena Clockify, ngakhale kope la sukulu, ndi mboni. Kudzitumizira uthenga pa WhatsApp polowa ndi potuluka nakonso kumakwanira, pakuti uthenga uliwonse umadindidwa tsiku ndi ola. Chofunika n'chakuti cholembedwacho chikhale pa foni yanu ndi pa akaunti yanu. Za pa pulogalamu ya abwana zimatsekedwa tsiku limene akuchotsani, nthawi yomwe mukuzifuna. Muzizikopera kwina mwezi ndi mwezi, chifukwa mapulogalamu nawo amafa: Wunderlist, imene anthu mamiliyoni ankaidalira, Microsoft idaigula mu 2015 ndi kuitseka mu 2020. Pamaso pa CCMA ku South Africa, ku ofesi ya leba ku Malawi ndi ku Zambia, kapena pokafunsa uphungu ku ACAS ku Britain, munthu wongonena kuti ankagwira ntchito kwambiri amamveredwa chisoni. Wotulutsa masiku ndi maola a miyezi 8, ameneyo mlandu wake umamveka.

Kwa inu ophunzitsa za nthawi m'mahotela ndili ndi pempho. Pa phunziro lotsatira, musanafike pa tomato wa Cirillo, lembani pa bolodi samu iyi. Tiyerekeze wosamalira okalamba amene amayendera makomo 10 pa tsiku ndipo amalipidwa mphindi za m'nyumba zokha. Pakati pa makomo 10 pali maulendo 9. Tinene kuti ulendo uliwonse ndi mphindi 10 zokha, msewu uli bwino, malo oimika galimoto apezeka msanga. Ndi mphindi 90 pa tsiku. Pa masiku 5 ndi maola 7 ndi theka, tsiku lathunthu la ntchito sabata iliyonse. Pa masabata 46 a chaka ndi maola 345. Muwauze ophunzira anu achulukitse ndi malipiro a pa ola, asinthe mapaundiwo akhale makwacha, kenako awerenge kuti ndi matumba angati a feteleza amene sadafike kumudzi chaka chimenecho.